Chaka Chimene Makoswe Anadya Mapiritsi Anga

Mimba yanga yachitatu inakula nyengo yothyola fodya, ndipo aliyense amene anakwatiwapo ndi mlimi wa fodya akudziwa kuti imeneyo si nyengo yoti munthu adwale. Ukhoza kudwala ndalama za ku okushoni zitatuluka, anthu ali ndi mpata wokufunsa kuti wadzuka bwanji. Koma masamba akamapsa m'munda, wololedwa kudwala pakhomo ndi fodya yekha.

Tinkakhala kwawo kwa amuna anga, kufupi ndi Chisemphere. Ndinapitako chitengwa, ndipo nyumba yathu inayang'anizana ndi ya apongozi anga aakazi, moti ndikayetsemula m'nyumba mwanga iwo ankandipepesa ali pakhonde pawo. Amuna anga anali mlimi woti anthu ankabwera kudzaonera. Ankayendera mizere mame asanaume, n'kumatembenuza tsamba lililonse. Likangoyamba chikasu nthawi yake isanakwane, ankadziwa kuti lasowa chiyani m'nthaka, ndipo tsiku limenelo chakudya sichinkawatsika. Ine milomo inatuwa, zikhatho zinayera mbee, koma zimenezo sanazione. Sindiwaimba mlandu. Ine sankandigulitsa pa kilo.

Chimene chinaoneka n'chakuti khitchini yayamba kutha. Chipupa chake tinamata ndi dothi la pachulu, ndipo mvula ikangowaza, fungo lake linkandikoka ngati nyama yowotcha. Ndinkazemba, n'kubenthula kachidutswa ndi mpeni, n'kumakukuta mwakachetechete. Kukoma kwake sindingakufotokoze kwa munthu amene sanadyepo nyumba yake.

Poyamba mlandu unagwera mbuzi. Apongozi anazithamangitsa ndi ndodo mpaka kudambo. Kenako tsiku lina anandipeza nditanjuta kuseri, pakamwa pali pofiira.

"Kani mbuzi yake ndi inu, apongozi?" anatero. Ndinaganiza kuti andikalipira, koma anaomba m'manja. "Musachite manyazi. Si inu mukudya, ndi ali m'mimbayo. Ameneyo ndi mlimi, wayamba kale kulawa nthaka."

Amuna anga atamva anasangalala kwambiri, chifukwa mlimi kwa iwo ankatanthauza mwana wamwamuna, ndipo awiri oyamba anali aakazi. Zina zonse zimene ndinkadandaula anazipatsa dzina limodzi. Ndikachoka kumjigo ndi ndowa, ndinkatula panjira kuti ndipume. Mtima unkagunda m'makutu ngati wina akusinja. Ndikawerama kuti ndithyole tsamba lapansi, podzuka munda wonse unkazungulira. Zonsezo dzina lake linali ulesi.

Kusikelo ndinapita mochedwa. Ulendo woyamba mayi amafunika kupita ndi mwamuna wake, ndipo wanga analibe nthawi. Nthawiyo inapezeka tsiku limene ulusi wosokera fodya unatha, poti golosale yogulitsa ulusi ili pafupi ndi chipatala.

Namwino wake anali mayi wamkulu ndithu, wosaseka wamba. Anandikokera chikope pansi, anayang'ana zikhatho, kenako anandibaya chala n'kuyeza kadontho ka magazi.

"Mayi, mumadya dothi?"

Ine ndinayang'ana pansi. Amuna anga ndiwo anayankha, monyadira.

"Kwambiri, adokotala. Khitchini yatsala pang'ono kugwa. Muli mlimi mmenemo."

"Si ulimi umenewo, bambo. Akazi anuwa magazi awachepera. Kuti thupi lipange magazi limafuna mchere wina wotchedwa ayironi. Ndi chitsulo chomwechi chimene amasulira khasu, kungoti m'thupi chimafunika chochepetsetsa, chosaoneka ndi maso. Mwana ali m'mimbayu akutenga chake kwa mayi ake, ndiye chatsala kwa iwo sichikukwana. N'chifukwa chake akufooka, ndipo ambiri otere amalakalaka dothi. Chikakwanira, mphamvu zibwerera."

Amuna anga, amene mpaka pamenepo ankayang'ana kudenga, anakhala tsonga.

"Chitsulo? Ndiye kuti munthu akamwa zimenezo amakhala ndi mphamvu?"

"Inde, munthu amene chamuchepera..."

Foni ya amuna anga inalira. Anali mnyamata waganyu, kufunsa za mitengo ya chigafa choumitsira fodya. Anatuluka panja atanyamula mawu oti inde, ena onsewo anawasiya m'chipindamo.

Choncho zotsalazo ndinamva ndekha. Piritsi limodzi patsiku. Ndisamwere tiyi, chifukwa tiyi amatchinga ayironi kuti asalowe bwino m'thupi. Ndi bwino kumwera limodzi ndi bwemba, malambe kapena chipatso china chowawasa. Ndizidya bonongwe, chisoso, nyemba, usipa, mazira ndi chiwindi chikapezeka. Ndisadabwe chimbudzi chikada bii, kapena ndikadzimbidwa pang'ono, ndi mmene mapiritsiwo amachitira. Ndipo ndiwabise kutali ndi ana, chifukwa mwana wamng'ono akameza ambiri akhoza kufa. Anandipatsa ochuluka ndithu m'kapepala ka pulasitiki, podziwa kuti kwathu mvula ikagwa mtsinje suwolokeka.

Panjira ndinawauza amuna anga zoti mapiritsiwo abisidwe kutali ndi ana. Anatambasula dzanja nthawi yomweyo.

"Bweretsa kuno. M'thumba la jekete yanga palibe mwana angafikemo."

Ndinaona kuti ndakwatiwa ndi munthu wachikondi.

Masiku oyamba ankandipatsa piritsi langa m'mawa uliwonse, moika pachikhatho mwaulemu ngati mgonero. Kenako anayamba kuiwala. Ndikakumbutsa, ankati jekete ili kumunda. Ndikakumbutsa kumunda, jekete inali kunyumba. Tsiku lina ndinaima pakhomo penipeni, jekete ili pathupi pawo.

"Bambo, mapiritsi aja."

Anapukusa mutu mwachisoni. "Ndimaopa kukuuza. Makoswe adya."

"Makoswe? M'jekete?"

"Makoswe a chaka chino ndi oopsa, mayi iwe. Sukuona mmene aonongera chimanga?"

Apongozi, amene nkhani zonse za m'nyumba mwathu ankazimva asanaitanidwe, anati ndisadandaule, mankhwala enieni ali pakhomo pomwepa. Anathyola masamba a mapeyala, anawawiritsa mpaka madzi anafiira, n'kundipatsa m'kapu yayikulu.

"Mwaona kufiirako? Magazi enieni amenewo. Akangolowa, akalumikizana ndi anzawo."

Ndinamwa, uku ndikuganiza kuti ngati nkhani ili pa kufiira, bola akanandisinjira njerwa. Za mazira ndinazitchula kamodzi kokha. Anati mayi wapakati akadya mazira mwana amabadwa wopanda tsitsi, ndipo m'banja lawo simunabadwepo munthu wadazi. Chiwindi ndiye sindinayerekeze n'komwe. Nkhuku ikaphedwa pakhomo paja, chiwindi ndi nthutumba zinkadziwa zokha njira yopita kumbale ya abambo.

Masiku omwewo amuna anga anasanduka munthu wina. Ankanyamula mitolo ya fodya iwiriiwiri, akuimba likhweru. Ankauza aganyu kuti achinyamata a masiku ano ndi mabango, iwo thupi lawo ndi chitsulo. Akatero ankadzimenya pachifuwa. Ine ndinkaonera ndili pansi pa chigafa, ndikusoka masamba, singano ikundilemera ngati mpini.

Chitsulocho sichinachedwe kuchita dzimbiri. Anayamba kudandaula nseru ndi kupota m'mimba. Ankalowa kuchimbudzi n'kukhalitsa ngati akumanga china. Ndiye tsiku lina masana anapatukira kuthengo la kuseri kwa munda, ndipo anabwerako atagwira mutu, akudzandira.

"Mayi wa ana anga, ndafa ine."

"Chachitika n'chiyani, bambo?"

"Zakuda. Zakuda bii, ngati makala. Munthu wamoyo sachita zotere."

Mawu a namwino aja anandibwerera pomwepo. Ndinawayang'ana, ndinayang'ana jekete imene inapachikidwa pamtengo.

"Bambo, kodi makoswe aja nawonso akuchita zakuda?"

Anangobuula mokweza, ndipo kubuulako kunaitana amayi awo, amene anafika chitenje chili m'manja.

"Munthu akufa, inu mukufunsa za makoswe? Apongozi, mtima wanu ndi wotani?"

Mtengwa amadziwa pamene mawu ake athera.

Dzuwa lisanalowe, wolodza anali atapezeka kale. Anali msuweni wa amuna anga, munthu wofatsa amene nyumba yake inali tsidya la msewu. Analimbiranapo nawo malire a dimba la nazale, ndipo umboni waukulu unali wakuti masiku apitawo anadutsa pachigafa chathu n'kunena kuti, "Achimwene, fodya wanu chaka chino wakongola." Kwathu munthu akakuyamikira fodya, uyambe kulemba wilo. Apongozi anapita kukaima pabwalo pake n'kumutchula mayina onse amene mayi wopemphera sayenera kuwadziwa. Msuweniyo sanayankhe. Anangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ndipo apongozi anati kukhala chete kumeneko ndiko kuvomera.

Apongozi anga ndi munthu wa tchalitchi, Lamulungu lililonse amakhala kutsogolo atavala zoyera. Choncho kwa sing'anga sakanapita. Anaitanitsa mneneri wochokera cha ku Nkhamenya, mnyamata wa nsapato zoyera zosongoka, amene anafika pa njinga yamoto atanyamula kachokuzira mawu. Anagoneka amuna anga pamphasa, anawavula malaya, anayamba kufuula uku akukanya mimbayo ngati akukanda ufa wa mandasi. Thukuta linkatsika. Mwadzidzidzi anakuwa:

"Muli chitsulo m'mimba mwa munthu ameneyu! Ndikuchiona chitsulo!"

Ine ndinatsala pang'ono kuvomera ameni. Aka kanali koyamba kuti munthu anene zoona pakhomo paja.

Kenako anatukula dzanja, ndipo pakati pa zala panali msomali wopindika, wadzimbiri, wofanana kwambiri ndi imene inkagwa pachitseko cha khola lathu. Apongozi analulutira mpaka mawu anasasa. Mneneriyo anachoka ndi tambala wathu atamumangirira kumbuyo kwa njinga.

Wodwalayo anafunika kubwezeretsa mphamvu. Tsopano nkhuku zinayamba kufa motsatizana. Mazira, amene akanathothola tsitsi la mwana wanga, kwa abambo analibe vuto. Phala lothira nsinjiro m'mawa, chiwindi masana, msuzi madzulo. Wophika ndinali ine, ndipo malipiro anga anali khosi ndi zipalapasiro. Popeza mwini munda anali gone pamphasa, ntchito yake ya kuchigafa inagawidwa, gawo lalikulu n'kugwera waulesi uja.

Koma sankachira. Msomali unatuluka, zakuda sizinathe. Apongozi anati mfitiyo yatumiza wina. Ine ndinadzamva pambuyo pake kuti poona kuti afooka, amuna anga anawonjezera mapiritsi, kuti chitsulo cha kuchipatala chikamenyane ndi chitsulo cha mfiti. Nzeru zimenezo kusukulu sangakuphunzitse.

Tsiku limene ndinagwa ndimalikumbukira pang'ono. Kunali kotentha, mitambo itaunjikana. Ndinkanyamula mikangala, timitengo topachikapo fodya wosoka, n'kumapatsira waganyu amene anakwera pamwamba pa chigafa. Ndinakweza manja, ndinaona timadontho takuda tikuuluka, kenako makutu anatseka. Nditatsegula maso ndinali chigonere pa ngolo, mutu wanga uli pamiyendo ya apongozi, ng'ombe zikuthamanga. Amuna anga anakhala kumapazi kwanga atagwira mimba yawo, poti anaona kuti ulendo waulerewu nawonso awonetseko vuto lawo.

Woyendetsa ngoloyo anali msuweni uja. Ngolo zina zonse m'mudzimo zinali kutali kotuta fodya, ndipo iye atamva kukuwa anangomanga ng'ombe zake n'kufika nazo pachigafa, osadikira kupemphedwa. Njira yonse palibe anamuyankhula. Apongozi ankangoyang'ana kumbali, akuonetsetsa mitengo ngati akuiona koyamba.

Tinapeza namwino yemwe uja. Atandiyeza, nkhope yake inasintha.

"Magazi atsika kuposa tsiku lija. Mayi, mapiritsi aja mumamwa bwanji?"

Apongozi anandiyankhira. "Anadyedwa ndi makoswe, mwanangu. Koma takhala tikuwapatsa masamba a mapeyala."

"Makoswe," anatero namwino, uku akulemba.

Amuna anga anaona kuti nthawi yawo yakwana. Anasendera pafupi, mawu atawafewetsa.

"Adokotala, mukamaliza ndi mayiwa mundioneko nanenso. Ine ndiye ndili pakati pa moyo ndi imfa. M'mimba mukupota, kuchimbudzi sizikutuluka, zikatuluka ndi zakuda ngati makala."

Namwino anaika cholembera pansi. Anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, osafulumira.

"Khoswe wake ndamuona. Wavala jekete. Bambo, tulutsani zimene zili m'thumbamo."

Amuna anga anayesa kutsokomola, anayang'ana amayi awo, kenako analowetsa dzanja m'thumba lam'kati. Kapepala ka pulasitiki kanatuluka katakwinyika, mutatsala timapiritsi towerengeka pakona.

"Mumamwa angati?"

"Zimatengera kukula kwa ntchito ya tsikulo."

"Ndinanena kuti amathandiza munthu amene ayironi wamuchepera. Inu sanakuchepereni. Timichere timeneti, kaya ayironi, kaya zinki, kaya mchere wa m'ndiwo womwewu, thupi limatifuna pamlingo wake. Tikachepa mudwala, tikachuluka mudwalanso. Ndipo ayironi wochuluka thupi silidziwa kumutaya, limangomuunjika mpaka aononge chiwindi. Mwachita mwayi kuti zathera pa kupota m'mimba. Musiye lero lomwe, muzimwa madzi ambiri, muchira. Amene ali pangozi ndi mayi awa ndi mwana wawo."

Apongozi anayesa kupulumutsa zotsala. "Koma msomali unatuluka, mwanangu. Tonse tinauona."

"Ukanakhala kuti unatuluka m'mimba, agogo, bwenzi tikusoka bala."

Ananditumiza kuchipatala chachikulu ku boma pa ambulansi, kuti akandiwonjezere magazi. Za masiku amenewo ndilibe nthabwala zambiri. Ndinagona ndikuyang'ana thumba lofiira likudontha pang'onopang'ono, dzanja lina lili pamimba, ndikudikira kuti mwana agunde. Atagunda ndinalira, ndipo mayi wa bedi loyandikana nalo, amene sindinkamudziwa, anandigwira phazi mpaka ndinatonthola.

Achibale anapemphedwa kuti apereke magazi obwezera amene ndinalandira. Amuna anga, munthu wa thupi lachitsulo, atamva za singano anakumbukira kuti fodya ali yekha kumudzi. Anakumbukiranso kuti achita kumene kudwala, komanso kuti m'banja lawo magazi sachedwa kutha. Amayi awo ndiwo anawagwira dzanja. Sindidziwa chimene chinawalowa mayi aja usiku umene anandidikirira atakhala pasimenti, koma m'mawa mwake anamukoka mwana wawo ngati mbuzi yopita kumsika.

"Wadya nkhuku zanga zonse iwe. Lowa umo."

Woyeza magazi akuti anawayamikira kwambiri, n'kuwafunsa kuti amadya chiyani kuti magazi awo akhale abwino chotere. Singano itangolowa, amuna angawo anakomoka, ndipo anatsitsimuka atawapatsa chakumwa chotsekemera. Magazi awowo sanali a gulu langa, anakathandiza munthu wina amene sitidzamudziwa. Koma izi sizinawaletse kufotokozera mudzi wonse, titabwerera, kuti mkazi wawo ali moyo chifukwa cha magazi awo. Mpaka lero nkhaniyo amaikamba pamaliro ndi pamaukwati, ndipo chaka chilichonse botolo lake limakula.

Mapiritsi atsopano ndinasunga ndekha, m'kachitini kotseka, pamwamba pa mtanda wa denga. Mazira anayamba kufika pambale yanga, ngakhale apongozi pondipatsa ankayang'ana kumbali n'kunena kuti zikavuta tidzamugulira chipewa. Mwana anabadwa fodya atapita kale ku okushoni. Anali wamkazi, wochepa thupi koma wolira mwamphamvu, tsitsi lili bii mpaka pachipumi.

Kwa msuweni uja palibe anapita kukapepesa. Amuna anga ankati akudikira nthawi yabwino, apongozi ankati munthu sungadziwe, mwina msomali unali wake ndithu, mapiritsi anangokumana nawo panjira. Mapeto ake iye ndi amene anabwera, ndi mkazi wake, kudzaona mwana titatuluka m'chikuta. Anakhala pakhonde, anapatsidwa moni wautali wa anthu amene ali ndi mlandu, onse akufunsana za mvula yomwe inali itasiya kale. Ponyamuka anatulutsa kaphukusi kokulunga m'nyuzipepala. Munali usipa ndi chiwindi cha mbuzi, chogula tsiku lomwelo.

Amuna anga anatambasula manja awiri kuti alandire, monga mutu wa banja. Msuweniyo anawalambalala mwaulemu, anagwada pang'ono, n'kuika phukusilo pamiyendo panga.

"Izi ndi zanu, alamu," anatero. "Mudye nokha. Musawasungitse achimwenewa."